Mwana ayambe liti kupita yekha kukakumba mbewa?

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, anyamata a ku Katete, Sinda ndi Petauke kum'mawa kwa Zambia amanyamula makasu n'kulowera kuminda yokolola. Ife ogwira ntchito m'makiliniki a kumudzi timadziwiratu kuti mabala a khasu, a moto ndi a njoka ayamba kubwera. Mayi wina anandifunsa kuti, "Adokotala, mwana akwane zaka zingati kuti ndizimulola kupita yekha?"

Kuona kwanga, wosakwana zaka 12 asapite popanda wamkulu. Amene wapitirirapo, ngakhale wa zaka 15, asapitebe yekhayekha. Azikhala atatu, kuti zikavuta wina atsale ndi wovulalayo, wina athamangire kumudzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi una. Njoka imalowamo kufuna mbewa zomwezo zimene mwana akufuna. Mkulu wozolowera amayamba wayang'ana pakhomo pa una, n'kufufuza ndi kamtengo. Mwana wachangu amangopisa dzanja. Mphiri nayo sithawa munthu, imangogona phee m'mapesi mpaka aiponde. Choncho musanamulole mwana, mufunseni zimene angachite mnzake atalumidwa. Akanena zomanga mwendo ndi lamba, kutema mphini kapena kuyamwa bala, sanakonzeke. Kumanga mothina kumatsekereza magazi, ndipo ululu wa mphiri, umene umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, umawononga mwendowo koposa. Wolumidwa agone, asayendetse mwendo, amuvule chilichonse chothina, ndipo amunyamule pa njinga kapena pa ngolo kupita kuchipatala msanga. Njoka ikamulavulira m'maso, atsuke ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Palinso utitiri. Mu 2015 ku Nyimba kunabuka mliri wa plague, matenda amene utitiri wa makoswe ndi mbewa umapatsira anthu. Mbewa yopezeka itafa yokha, mwana asaitole. Akatentha thupi ndi kutupa mwanabele m'khwapa kapena m'mphechepeche patapita masiku ochepa chikumbireni mbewa, bwerani naye tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake alipo ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga.

Machesi asawanyamule n'komwe. Moto wa mu Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamawomba, umathamanga kuposa mwana.

Kwa inu a ku Mambwe ndi Mfuwe, nkhani imakula. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 limaletsa kusaka m'paki ngati South Luangwa kapena Lukusuzi, ndipo m'madera ozungulira monga Lupande pamafunika chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire. Mnyamata wotchera msampha wa waya angagwidwe, komanso angakumane ndi njati kapena njovu ali yekha. Nyama yofa yokha asaigwire: ku Chama mu 2011 anthu mazana anadwala anthrax, matenda oopsa ochokera ku nyama, atasenda ndi kudya mvuu zoterezi, ena mpaka kumwalira.