Tchalitchi cha ku Jeam-ri ndi asilikali amene analamulira Korea

Pa 1 Malichi chaka chilichonse ku South Korea kumakhala tchuthi, ndipo tsikuli silidutsa osautsa mkangano wakale: kodi pangano la 1910, limene linapereka Korea m'manja mwa Japan, linali lovomerezeka? Akoreya amati linasainidwa mokakamiza, choncho linalibe mphamvu chiyambire. Boma la Japan lakhala likunena kuti panthawiyo linali lalamulo. Pangano la 1965 lokhazikitsa ubale wa maiko awiriwa linangokwirira nkhaniyi ndi mawu amene mbali iliyonse imawamasulira modzikomera.

Kwa ine, yankho limaonekera pa anthu amene anatumizidwa kukalamulira. Bwanamkubwa woyamba, Terauchi Masatake, anali mkulu wa asilikali komanso nduna yoona zankhondo. Mu ulamuliro wake ntchito yaupolisi inali m'manja mwa apolisi achisilikali otchedwa kempeitai, aphunzitsi ankalowa m'kalasi lupanga lili m'chiuno, ndipo lamulo la 1912 linaloleza kukwapula olakwa, koma Akoreya okha.

Zinthu zinafika posauzana pa nthawi ya bwanamkubwa wachiwiri, Hasegawa Yoshimichi. Pa 1 Malichi 1919 atsogoleri 33 analengeza ufulu wa dziko lawo ku Seoul, ndipo zionetsero zinafalikira dziko lonse. Zambiri zinali zamtendere, ngakhale si zonse: m'dera la Suwon apolisi awiri achijapani anaphedwa. Kubwezera kwake kunagwera mudzi wa Jeam-ri. Pa 15 Epulo msilikali Arita Toshio anafika ndi anyamata ake ochepa n'kuitanira amuna a m'mudzimo m'tchalitchi cha Methodist. Atalowa, zitseko zinatsekedwa, asilikali anayamba kuwombera, kenaka anayatsa tchalitchicho. Moto unanyeketsanso nyumba za m'mudzimo. Anthu oposa 20 anafa pamenepo, ena anakaphedwera m'mudzi woyandikana nawo. Patapita masiku ochepa mmishonale wochokera ku Canada, Frank Schofield, anafika n'kujambula phulusa lotsalalo, ndipo nkhani inatulukira kunja.

Chiwerengero cha amene anafa m'zionetsero zonse sichigwirizana. Atsamunda analemba 553. Park Eun-sik, katswiri wa mbiri amene anali ku China, analemba 7,509. Iye ankawerenga ali kutali, kudalira malipoti omufika, koma atsamunda nawo anali ndi chifukwa chochepetsera. Pa za Jeam-ri pokha umboni unachokera kwa eni ake. Zolemba za tsiku ndi tsiku za Utsunomiya Taro, mkulu wa asilikali a Japan ku Korea, zinasindikizidwa mu 2007, ndipo zikuonetsa kuti akuluakulu ankadziwa zimene zinachitika koma anagwirizana zokana, poopa kunyozetsa ufumu wawo. Anati anene kuti ophedwawo ankalimbana ndi asilikali. Arita anangotsekeredwa masiku 30, ndipo khoti la asilikali linam'peza wosalakwa. Mtima umandiwawa ndikaganiza kuti mabanja a ophedwawo ankanena zoona zaka zonsezo, pomwe chitsimikizo chinali m'buku la munthu mmodzi.

Hasegawa anachoka, n'kubwera Saito Makoto wa asilikali apamadzi, amene anamuponyera bomba tsiku lomwe anafika ku Seoul. Iye anachotsa malupanga m'sukulu, anathetsa chikoti mu 1920, n'kulola nyuzipepala zachikoreya monga Dong-A Ilbo ndi Chosun Ilbo. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo oteteza Japan amazitchula. Koma apolisi anachuluka kuposa kale, ndipo pofika 1940 bwanamkubwa wina, Minami Jiro, anali atatseka nyuzipepala zija n'kumakankhira Akoreya kutenga maina achijapani.

Mu 1919 lamulo linasinthidwa kuti munthu wamba athe kukhala bwanamkubwa. Palibe anasankhidwapo. Amuna onse 8 amene anakhala pampandowo, kufikira Abe Nobuyuki amene anagonja kwa Amereka mu Seputembala 1945, anali akuluakulu a asilikali.