Kodi mwini masheya ochepa angathamangitsidwe mu kampani?

Chigulireni masheya a Airtel Malawi ndi FDH Bank mu 2020, aphunzitsi ndi alimi a mbatatesi ambiri a ku Ntcheu akhala akutsutsana: kodi munthu wa masheya ambiri angakukakamize kumugulitsa ako ochepawo? Ena amati ndi nkhambakamwa chabe. Koma lamulo lotere liliko, ndipo linachokera ku Britain, komwe malamulo athu a makampani anatengera.

Mu 1929, potsatira malangizo a komiti ya Greene yomwe inaunika malamulo a makampani, aphungu a ku London anavomereza kuti kampani yomwe ikugula inzake, ikapeza masheya 90 pa 100 alionse, itha kulanda otsalawo pa mtengo womwe inagulira enawo. Ankati munthu mmodzi wouma mutu asaimitse malonda omwe anzake onse avomera. Mu 1933, pa mlandu wa Hoare, khoti linaonjezera kuti wokanayo ndiye ayenera kubweretsa umboni woti mtengowo si wachilungamo. Katundu wolemera uja anamusenzetsa wochepa mphamvu.

Zinthu zinatembenukira pa kampani yaing'ono yosindikiza, Bugle Press. Inali ndi masheya 10,000. Jackson ndi Shaw anali nawo 4,500 aliyense, Treby 1,000 okha. Awiriwo atafuna kumuchotsa mnzawoyo, anakhazikitsa kampani ina, eni ake iwo eni, yomwe inati ikugula masheya onse a Bugle pa mapaundi 10 iliyonse. Jackson ndi Shaw anavomera msanga, ndithudi, popeza ankadzigulitsa okha. Ndiye poti 90 pa 100 yakwana, anatumizira Treby kalata yoti apereke ake, pogwiritsa ntchito gawo 209 la lamulo la makampani la 1948. Zinali ngati venda wa pa Lizulu yemwe sikelo ndi yake, mtengo watchula yekha, kenaka akuuza mlimi kuti msika wagwirizana.

Treby anakana, napita kukhoti. Awiriwo anati mtengowo anauwerengera ndi akatswiri owerengera chuma oima paokha. Mu 1960 khoti la apilo linaima ndi Treby. Linati pamene ogula ndi ovomerawo ali anthu omwewo, kuvomera kwawo si umboni wa mtengo wabwino, ndipo ndi iwo ayenera kusonyeza chifukwa chomveka chochotsera mnzawo.

Ena olemba za malamulo amati mlanduwu unateteza ochepa onse. Ine ndikawerenga chigamulocho ndimaona kuti chinatseka khomo limodzi lokha, la chinyengo choonekeratu. Wogula wochokera kunja weniweni lamulo la Hoare limamukomerabe. Ndipo chigamulocho sichinena kuti Treby anakhala bwanji mu kampanimo ndi anthu omwe anafuna kumutulutsa.

Kuno kwathu msika wa masheya ku Blantyre unayamba malonda mu 1996 ndi NICO, ndipo lamulo la makampani la 1984 linalowedwa m'malo ndi la 2013. Kugulana kwa makampani kumachitikanso kuno: mu 2017 eni masheya a First Merchant Bank anawasinthitsa ndi a FMB Capital Holdings, yolembetsedwa ku Mauritius. Lilipo bungwe la Misalico loyankhulira eni masheya ochepa, ndipo oweruza athu amamvera zigamulo za ku England, ngakhale siziwamanga. Vuto ndi la m'thumba: mphunzitsi wa ku Tsangano wa masheya a K50,000 sangalipire loya wa ku Blantyre kuti atsutse mtengo.