Baga ya tchizi: zomwe muyenera kudziwa musanagule

Baga ya tchizi, lomwe ndi banzi lokhala ndi nyama yogaya ya ng'ombe ndi tchizi pakati, imagulitsidwa m'malesitilanti a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, ndipo achinyamata ambiri amaikonda. Si chakudya chopanda pake ayi. Nyama ya ng'ombe imapereka zomanga thupi ndi ayironi wothandiza kupanga magazi, tchizi chili ndi kashiyamu wolimbitsa mafupa, banzi limapatsa mphamvu. Baga imodzi yaing'ono imakhala ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 300 ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 15. Munthu wamkulu amafunika makalori pafupifupi 2,000 patsiku.

Chodetsa nkhawa ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe sudzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Baga yaing'ono yomweyo imakhala ndi magalamu 1.5 kapena kuposa, ndipo mcherewo suoneka chifukwa unalowa kale m'tchizi, m'banzi, m'nyama ndi mu tomato sosi. Madzulo ake mukadyera nsima nsomba ya chicoa youmitsidwa ndi mchere, malirewo mwawadutsa kale. Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, matenda amene ambiri amayenda nawo osadziwa mpaka atagwa ndi sitiroko. Mafuta a m'nyama yonona ndi m'tchizi nawonso amawonjezera kolesitero m'magazi, mafuta amene amatha kutseka mitsempha ya magazi.

Komanso baga sibwera yokha. Pambali pake pamakhala tchipisi ndi chakumwa chotsekemera, ndipo kachitini ka Coca-Cola ka mamililita 330 kali ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Nthawi zambiri zowonjezerazi zimaposa baga yeniyeniyo pa makalori. Ndi kutentha kwa ku Tete kuno ludzu silisowa, koma madzi abwino amalithetsa popanda shuga.

Samalaninso ndi kaphikidwe. Nyama yogaya imasiyana ndi nthuli: tizilombo tomwe tinali kunja kwa nyama, monga E. coli, timafalikira mkati monse poigaya. Choncho iyenera kupsa mpaka pakati. Mukaiona yofiira mkati, ibwezeni. Baga yomwe yakhala pamtunda maola oposa awiri isadyedwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba ndiwo amavutika kwambiri akatsekula m'mimba.

Mukafuna kudya, sankhani ya nyama imodzi, pemphani kuti awonjezere tomato, anyezi ndi letesi, ndipo mayonezi achepe. Katsamba kamodzi ka letesi sikangafike pa magalamu 400 a masamba ndi zipatso omwe WHO imalimbikitsa patsiku, ndiye chakudya chotsatiracho chikhale ndi nyemba, kabichi wa ku Angónia kapena chisoso, kenako masau kapena malambe ngati ili nyengo yake.

Odwala matenda a shuga, a impso kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala cha kufupi ndi kwawo, komwe angathenso kuyezetsa kathamangidwe ka magazi.