Turbo ikamafooka injini ikakwera liwiro, musathamangire kugula ina

Dandaulo lake limamveka chimodzimodzi m'magalaja ambiri: galimoto ikudzuka bwino, m'tauni ikuyenda bwino, koma ukaponda moto pa chitunda kapena pofuna kupitirira lole, singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ikangodutsa 3,000 rpm mphamvu imatha ngati wina wagwira kumbuyo. Ambiri akamva zimenezi amati turbo yafa. Kawirikawiri turbo imakhala ilibe mlandu.

Turbo ili ndi mawilo awiri pa shafiti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza wilo limodzi, linalo limakankhira mpweya mu injini mopanikiza, ndipo kupanikiza kumeneku ndiye boost. Pa magalimoto ambiri a dizilo imafika pafupifupi 1 bar. Injini ikakwera liwiro ndi pamene imafuna mpweya wambiri, mafuta ambiri ndiponso njira yotakasuka yotulutsira utsi. Choncho kabowo kakang'ono pa payipi ya mpweya kapena fyuluta yotsekeka pang'ono, zomwe sizioneka pa 1,500 rpm, zimaonekera poyera pa 3,500 rpm.

Yambani mwayeza. Lumikizani sikana (kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto), tsegulani kiyi osaliza injini, muone chimene MAP sensor, sensa yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, ikuwerenga. Iyenera kusonyeza mphamvu ya mpweya wa pamalo pomwe muli: ku Lilongwe pafupifupi 90 kPa, ku Nsanje pafupifupi 100 kPa chifukwa ndi kotsika. Ikalakwitsa injini ili chete, ilakwitsanso pa msewu. Sensa imeneyi imakonda kumatidwa ndi mwaye wosakanikirana ndi oyilo wochokera ku EGR (valavu yobwezera utsi wina mu injini), ndipo kuitsuka ndi mankhwala otsukira masensa nthawi zina kumathetsa vuto lonse. Musaitokose ndi waya.

Kenako pitani pa chitunda muli awiri, wina aziyendetsa wina aziwerenga. Mu giya 3, pondani moto wonse kuchokera pa 1,500 mpaka 3,500 rpm, mukufanizira boost imene kompyuta ikufuna ndi imene ikupezekadi. Ngati zonse ziwiri zikutsikira limodzi pang'ono kumapeto, palibe chawonongeka. Turbo yaing'ono imatero mwachibadwa. Ngati yopezekayo ikutsalira kumbuyo, nthawi zambiri mupeza khodi ya P0299 pa sikana, yotanthauza kuti boost yachepa.

Muyang'anenso utsi, chifukwa umalozera koyambira. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo alipo koma mpweya wachepa. Mphamvu ikatha popanda utsi uliwonse, ganizirani za mafuta: fyuluta ya dizilo yotsekeka siyipititsa okwanira injini ikathamanga, utsi wozunguza turbo umachepa, boost n'kugwa. Amene amathira dizilo wa m'zigubu ayambire pamenepo. Pa injini za Toyota za D-4D, kavalavu ka SCV, kolamulira dizilo wolowa mu pampu, kakamagwira kamabweretsanso zizindikiro zofanana.

Ku mbali ya mpweya, tsegulani fyuluta poyamba. M'chilimwe, pa misewu yathu ya fumbi, fyuluta imadzaza nthawi yolembedwa m'buku isanakwane, ndipo kuipopera ndi kompulesa kumang'amba pepala lake n'kulowetsa mchenga umene umadya mapiko a turbo. Isintheni basi. Gwiraninso payipi ya rabala yochoka ku fyuluta kupita ku turbo. Ikakalamba imafewa, ndipo turbo ikayamwa mwamphamvu imaphwafuka n'kutseka njira. Mukatsitsa moto imabwerera m'malo ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake vutoli limavuta kuligwira galimoto ili chiimire.

Pamene pamapezeka mlandu kwambiri ndi pakati pa turbo, intercooler (choziziritsira mpweya wochoka ku turbo) ndi injini. Mng'alu wa payipi umatha kukhala wotseka boost ikadali yochepa, n'kuyasama ikakwera. Fufuzani pamalo ponyowa ndi oyilo pomatirira fumbi, makamaka m'mphepete mwa makilampu ndi m'makona a intercooler, chifukwa mpweya wothawa umatuluka ndi kaoyilo. Kuti mutsimikize, zimitsani injini, chotsani payipi yolowera ku turbo, ikani chotsekera chokhala ndi valavu ya tayala, mutsekenso kapayipi kopumira injini kolowa pamenepo. Popani pang'onopang'ono osapitirira 1 bar, muwaze madzi a sopo pa mfundo zonse. Pomwe pakutuluka thovu ndi pomwepo. Payipi yong'ambika siimangidwa ndi mphira wa chubu. Imaphulikanso pa chitunda choyamba.

Mpweya ukapezeka kuti sukuthawa, pitani ku zolamulira turbo. Pa turbo ya wastegate pali kachitseko kolambalalitsa utsi boost ikakwana. Sipuling'i yake ikafooka, utsi wochuluka wa pa liwiro lalikulu umakankha kachitsekoko nthawi isanakwane. Yesani ndi pampu ya pamanja: kandodo kake kaziyenda mosadodoma, ndipo kazikhala pomwepo osabwerera kokha. Onaninso timapayipi ting'onoting'ono ndi solenoid yake (kavalavu ka magetsi kolamulira wastegate), poti kapayipi kamodzi kouma kamatha kusokoneza boost yonse. Chimene sindivomereza n'kumanga wastegate ndi waya kuti isamatseguke. Mphamvu imabweradi, koma gasiketi ya hedi ndi mapisitoni ndi zomwe zimalipira.

Magalimoto monga Hilux ya 3.0 D-4D ali ndi turbo ya timapiko tosuntha m'malo mwa wastegate. Galimoto ikamangoyenda maulendo afupiafupi, mwaye umagwira timapikoti. Tikagwira totseka, boost imakwera mopitirira, kompyuta imadula mphamvu kuti iteteze injini, ndipo khodi yake ndi P0234. Chizindikiro chake n'chakuti mukazimitsa n'kulizanso, mphamvu imabwerera kwa kanthawi. Apa pofunika kumasula ndi kutsuka, osati kutaya turbo.

Musaiwale kumbuyo. DPF kapena catalytic converter (zoyeretsa utsi mu ekizozi) yotsekeka imabanikitsa turbo chifukwa utsi ulibe kopita, ndipo zimakula pamene liwiro likukwera. Kutsogolo kwa turbo, mizere ya mwaye pa manifodi imasonyeza gasiketi yopsa kapena mng'alu, kutanthauza kuti utsi ukuthawa usanagwire ntchito.

Turbo yeniyeniyo muiyang'ane pomaliza. Injini itazizira, gwirani shafiti ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololeka bola wilo lisakhudze chikombole, koma kukankhika mkati ndi kunja kusamveke. Mapiko odyeka, kulira ngati sayirini ndi utsi wabuluu ndiye umboni woti yathadi. Poika ina, sinthani oyilo, fyuluta yake ndi payipi yobweretsa oyilo, tsukani intercooler kuchotsa tizidutswa ndi oyilo wotsalira, thirani oyilo pang'ono pa bowo la pamwamba pa turbo, ndipo muilize injini mphindi zingapo osaponda moto.