Mileme Yodya Zipatso ndi Nthenda ya Marburg

Mileme yodya zipatso imasunga tizilombo tingapo m'thupi mwake popanda iyo kudwala, koma tizilomboto tikalowa mwa munthu timayambitsa matenda oopsa. Kuno ku Africa kamodzi mwa tizilombo todetsa nkhawa kwambiri ndi ka Marburg, ka m'banja limodzi ndi ka Ebola, ndipo kamapezeka mwa mleme wogona m'mapanga ndi m'migodi umene akatswiri amautcha Rousettus aegyptiacus. Nthendayi inadziwika mu 1967 pamene ogwira ntchito m'malabotale a ku Marburg ndi Frankfurt ku Germany, komanso ku Belgrade, mzinda umene lero ndi likulu la Serbia, anadwala atagwira anyani ochokera ku Uganda. Posachedwapa yafika pafupi nafe, chifukwa inabuka m'chigawo cha Kagera ku Tanzania mu 2023 ndi mu 2025, ndiponso ku Rwanda mu 2024, kumene inapha anthu 15 mwa 66 amene anapezeka nayo.

Mleme wongodutsa pamwamba pa nyumba madzulo si ndiwo vuto. Ngozi ili pa malovu, mkodzo ndi zitosi zake, ndipo woyamba kudwala nthawi zambiri amakhala munthu amene wakhalitsa m'phanga kapena mu mgodi momwe mileme imagona yambirimbiri. Kuchokera pamenepo nthenda imayenda pakati pa anthu okhaokha kudzera m'magazi, masanzi, chimbudzi, zofunda za wodwala ndiponso thupi la womwalira. N'chifukwa chake odwazika matenda, anamwino ndi osambitsa maliro ndi amene amakhala pachiopsezo chachikulu.

Zizindikiro zimaoneka pakapita masiku 2 mpaka 21. Zimayamba mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu ndi kuphwanya kwa thupi, zomwe n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo, kenako kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo ena amataya magazi m'mphuno, m'nkhama kapena m'chimbudzi. Katemera wovomerezeka palibe, koma kuthiridwa madzi m'thupi ndi chisamaliro cha kuchipatala zimapulumutsa moyo ngati wodwala wafika msanga. Munthu amene wamva zizindikirozi atalowa m'phanga, kapena atachokera kudera kumene nthendayi yabuka, auze azaumoyo za ulendo wakewo asanamupime n'komwe.

Ku Bangladesh kachilombo kena ka m'mileme kotchedwa Nipah kamafika kwa anthu kudzera m'madzi otsekemera a mtengo wa kanjedza amene mileme yanyambita usiku, zomwe zikutiphunzitsa kusamala ndi chakudya. Mango, magwafa kapena masuku olumidwa amene agwa pansi asadyedwe, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka bwino pakuti ndiwo amalawirira kukatola. Zipatso zina zonse zitsukidwe, ndipo mleme wakufa kapena wodwala usagwiridwe ndi manja.

Ena akamva izi amaganiza zotentha mapanga kapena kupha mileme, koma maganizo amenewa ndi olakwika. Pa mgodi wa Kitaka ku Uganda mileme inaphedwa nthendayi itabuka mu 2007, koma ina inabwera kudzakhalamo, ndipo mwa yatsopanoyo kachilombo kanapezeka kochuluka kuposa kale. Kuwonjezera apo mileme imamwaza mbewu za mitengo, monga imachitira miyandamiyanda imene imasonkhana kumalo osungira nyama zakuthengo a Kasanka ku Zambia pakati pa Okutobala ndi Disembala. Amene ntchito yawo imawakakamiza kulowa m'mapanga ndi m'migodi avale magolovesi ndi zotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndipo akatuluka asambe ndi sopo asanagwire chakudya.