Chinaka si mbatata ya kutchire

Mukafunsa ogula chinaka mumsika wa Lilongwe kapena ku Mchesi kuti chimachokera kuti, ambiri amayankha kuti ndi timbatata ta kutchire, tomera tokha ngati udzu, tosatha. Ayi ndithu. Timizu tozungulira timeneti, timene amayi amasinja n'kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo, ndi ta maluwa a m'gulu la orchid, makamaka mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Palibe chibale chilichonse ndi mbatata.

Chomerachi chimakonda madambo ndi malo ozizira a m'mapiri. Ku Nyika kokha kuli mitundu ya orchid yoposa 200. Dzinja likafika chimatulutsa masamba ochepa ndi tsinde limodzi lonyamula maluwa. Chilimwe zapamwamba zonse zimauma, moyo n'kutsala pansi, m'kamuzu katsopano kamene kakula pamene kakale kakufota. Ndiye wokumba chinaka sakukolola ngati wothyola bonongwe: wazula chomera chonse pamodzi ndi cha chaka chamawa.

Nanga njere zake? Apa m'pamene pagona nkhani. Ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe chakudya m'kati. Kuti njere imere, iyenera kukumana m'nthaka ndi timizu ta mtundu wina wa bowa toti tiziidyetsa, kenako padutse zaka isanachite maluwa. N'chifukwa chake simudzaona mlimi wa ku Mitundu atadzala chinaka pamizere. Ndipo dambo likalimidwa n'kusanduka dimba la kabichi, chinaka cha pamenepo sichibwereranso msanga.