Kupanga mpweya wa poizoni n'kosavuta, kuulamulira ndiye nkhani

Achinyamata okonda sayansi amaonera mavidiyo pa YouTube, munthu akusakaniza mankhwala m'botolo, utsi wachikasu uli tolotolo, ndipo mtima umafuna kuyesako. Chidwi chimenechi ndimachilemekeza, chifukwa ndi chomwe chinatikokera ambirife ku ntchito ya mu labotale. Koma pa nkhani ya mipweya ya poizoni ndimakana mosapita m'mbali: kunyumba ayi.

Kuupanga mpweyawo si luso. Ena amaupanga osadziwa n'komwe pochapa kapena potsuka kubafa. Bleach, mankhwala oyeretsera zovala aja, akakumana ndi asidi, monga viniga kapena mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa chlorine. Akakumana ndi ammonia, amene amapezeka m'mankhwala ena otsukira, amatulutsa mpweya wina wa poizoni wotchedwa chloramine. Chovuta ndi choti mpweyawo ukatuluka simungaubwezenso m'botolo. Madzi akatayika mumawaona pomwe alekezera. Mpweya umangofalikira chipinda chonse, ndipo inu simungasiye kupuma.

Chlorine ndi wolemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka, choncho sakwera kudenga, amakhazikika pansi, pomwe pali mwana wokwawa ndi ziweto. Ndi chifukwa chake asilikali a Germany atautulutsa ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu April 1915 pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, unkatsikira m'maenje momwe adani awo ankabisala. Ukafika m'maso, kukhosi ndi m'mapapo umakumana ndi chinyezi n'kusanduka asidi amene amawotcha mnofu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu akuti, “Ndikamva fungo ndithawa.” Mphuno imanamiza. Hydrogen sulfide amanunkha ngati dzira lowola akakhala wochepa, koma akachuluka amafooketsa mitsempha ya m'mphuno, fungo n'kuzimiririka. Munthu amaganiza kuti mpweya watha, pomwe ndi pamene wafika poopsa. Carbon monoxide, mpweya umene umatuluka makala akamayaka, ulibe fungo ngakhale pang'ono. Nitrogen dioxide, utsi wofiirira uja umene umatuluka asidi wa nitric akadya chitsulo ngati kopa, uli ndi chinyengo chake: munthu amangotsokomola pang'ono, n'kupita kukagona akuti zatha, koma pakapita maola angapo mapapo amayamba kudzaza madzi.

Mu labotale ntchito yotere timaichitira m'kabati yokoka mpweya, imene timaitcha fume hood, ndipo mphamvu ya kakokedwe kake imayezedwa nthawi ndi nthawi. Pamakhala mankhwala omeza mpweya wotsala, zida zochenjeza, komanso mnzako amene akudziwa chochita ukagwa. Zenera lotsekula sililowa m'malo mwa zimenezi, chifukwa mphepo ikatembenuka utsi umabwerera kunkhope kwanu, kapena kulowa kwa oyandikana nawo amene sanavomere kuchita nawo mayesowo. Masiki ya nsalu kapena ya kuchipatala imatchinga fumbi ndi malovu, mpweya umadutsa. Ngakhale chigoba cha akatswiri chimafuna sefa yogwirizana ndi mtundu wa mpweyawo, ndipo sefayo imatha mphamvu.

Akatswiri enieni nawonso zinawavuta. Henri Moissan, wasayansi wa ku France, asanakwanitse kupatula mpweya woopsa wa fluorine mu 1886, asayansi angapo amene anayesa anavulala, ena mpaka kufa.

Ngati mwasakaniza mankhwala mwangozi ndipo maso ayamba kuyabwa kapena pachifuwa pathina, musawerame kuti mukolope, ndipo musathiremo mankhwala ena pofuna kuziziritsa. Tulukani panja msanga, mutulutsenso ana ndi ziweto. Tsukani m'maso ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, vulani zovala zomwe zamwa utsiwo, kenako pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino. Adokotala muwauze mayina a mankhwala amene anasakanizidwa komanso nthawi yomwe zinachitika, chifukwa ndi zimene zimawathandiza kudziwa ngati muyenera kugonekedwa kuti akuyang'anireni usiku wonse.